Kukopera ndi Kumata

Galimoto ya kampani inaima pa siteji ya Nsaru nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa, Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi. Inali yoyera mbee, moti a kabaza anasiya bawo n'kuyamba kuiyang'ana. M'katimo munali anthu anayi, onse atavala malaya achikasu olembedwa kumsana kuti "Timakumbukira Kumudzi".

Febe Kamwendo anali atadikira ola lathunthu. Abusa ndi amene anamutuma kuti akalandire alendowo. Kampani ina ya inshuwalansi ya ku Lilongwe inali italonjeza kuti antchito ake azibwera Loweruka lililonse, modzipereka, kudzaphunzitsa amayi a Chigwirizano kugwiritsa ntchito kompyuta.

Galasi lakutsogolo linatsika. Mnyamata wometa bwino ndevu anasuzumira kunja n'kumwetulira.

"Asisi! Ku ho-lo ya tcha-li-tchi. Mukudziwako?" anafunsa pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi mwana wa sitandade wani.

"Ndikudziwako. Ndine amene ndatumidwa kudzakulandirani."

"Basi kwerani. Musaope, siiluma."

Febe anakwera. Aope chiyani? Zaka zinayi anakhala ku yunivesite akuphunzira za makompyuta. Digiri yake inali m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo zaka ziwiri zinali zitatha akulemba makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa. Munthu wovala chitenje ndi mapatapata pa siteji ya Nsaru safunsidwa za digiri.

Mu holo munali amayi makumi awiri ndi atatu, ena ali ndi ana kumsana. Mnyamata uja anati dzina lake ndi Sydney. Anayala malaputopu khumi patebulo, kenako analumikiza pulojekita yoti izionetsa pakhoma zimene zili pa kompyuta.

Khoma silinaonetse kanthu. Anazimitsa, anayatsa. Anazula chingwe ichi, n'kubwezera icho. Thukuta linayamba kudetsa malaya achikasu aja.

"Magetsi a sola akumudzi kuno ndi ovuta," anatero.

"Magetsi athu musawanamizire, bambo," anayankha mayi Yunisi, mayi wachikulire wogulitsa mtedza pamsika. "Dzulo lomweli aimbitsa kwaya."

Febe anadzuka mwakachetechete, anasuntha chingwe chimodzi, n'kudina mabatani awiri. Khoma linawala. Amayi anaimba nthungululu.

Sydney anamuyang'ana kuyambira kumapatapata mpaka kumaso.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndinachita kulota."

Phunziro litatha Sydney anamutsatira panja, ndipo Febe anamuuza zoona.

"Digiri? Inuyo? Ndiye mukutani kuno?"

"Kuno ndi kwathu."

Sydney anagwira pachifuwa. "Ndachita manyazi, achemwali. Ndipatseni nambala yanu kuti ndizipepesa tsiku lililonse mpaka mundikhululukire."

Febe anaseka. Akanadziwa, akanaumeza mseko umenewo.

Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira. "Nyenyezi yanga ya ku Nsaru, wawalitsa khoma, wawalitsanso mtima wanga. Kupepesa koyamba ndi kumeneku."

Sanayankhe. Koma anawerenga kanayi.

Loweruka lachiwiri kunabwera odzipereka awiri. Lachitatu kunabwera Sydney yekha. Enawo zithunzi anali atajambulitsa kale, nanga akanabwereranjinso kufumbi?

Sydney ankafika cha m'ma 11 koloko n'kuchoka 1 koloko isanakwane. Ntchito yonse inagwera Febe. Iye ankatsegula holo Lachiwiri ndi Lachinayi masana, amayi akachoka kumunda kokolola. Ankagwira zala zolimba ndi khasu n'kuzionetsa pamene pali A ndi pamene pali E.

Popeza ena maso anali ofooka ndipo ena ankawerenga movutika, Febe anaika lamulo. Chilichonse chimene chaoneka pakhoma, onse aziwerenga limodzi mokweza, monga amachitira ndi Chikhulupiriro cha Atumwi Lamulungu. Amayi analikonda lamuloli. Ngakhale kompyuta ikangofunsa ngati akufunadi kutseka, holo yonse inkawerenga funsolo ndi mawu amodzi.

"Iyi ndi kwaya ya kompyuta," Sydney ankaseka choncho.

Phunziro limene anaphunzitsa yekha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, linali limodzi. Linali la kukopera mawu pamalo ena n'kuwamata pena. Tsiku limenelo anasangalala ngati mwana.

"Amayi, taonani. Mwalemba kamodzi, mwakopera, mwamata. Mwamatanso. Muvutikiranji kulemba chinthu chimodzi kawiri?"

"Zaulesi zimenezo," anatero mayi Yunisi. Komabe anaphunzira.

Pofika mwezi wa Juni, "inu" anali atasanduka "iwe". Mauthenga ankafika tsiku lililonse dzuwa likamalowa.

"Bebi, mzinda wonsewu ndi chipululu popanda iwe."

"Nthiti yanga, wadya? Ukapanda kudya ndimamva njala ndine."

Febe ankayankha mwachidule, poti sanali munthu wa mawu ambiri. "Ndadya. Loweruka ufike msanga, amayi amadikira."

Koma uthenga wina unamugonjetsa. Unafika Lachitatu lina iye akusenda mtedza pakhonde.

"Nyenyezi yanga ya ku Nsaru, ndisanakumane nawe ndinkangopuma. Kukhala ndi moyo ndayamba tsopano. Ndikadzakunamiza, dzanja limene lalemba mawuwa lidzaume."

Febe, mtsikana amene ankaseka anzake a ku yunivesite akamalira chifukwa cha anyamata, anatenga cholembera n'kuwalemba mawuwo kuchikuto cha buku lake la nyimbo. Chikondi chilibe digiri!

Ku Nsaru galimoto yoyera siima pakhomo la munthu katatu anthu osafunsa. Mayi ake a Febe, a Getrude, anatumiza mawu kwa mlongo wawo ku Kabudula. A Overton, amalume ake a Febe, amene analinso mkulu wa mpingo, anapalasa njinga n'kufika Loweruka lotsatira. Anamupeza Sydney atakhala pampando wandalema pansi pa mtengo wa mango akudya mbatata yootcha.

"Achimwene, galimoto yanu yayamba kudziwika kuposa ya abusa," anatero a Overton atapatsana moni. "Kodi pakhomo pano mwabwera kudzaphunzitsanso kompyuta?"

Sydney anatsika pampando n'kunjuta. Anaomba m'manja mwaulemu umene Febe sanauonepo pa iye.

"Amalume, ine si wamasewera. Febe ndikufuna kumanga naye banja."

"Mawu amenewo sanena mwini wake. Muli nawo akwanu?"

"Alipo. Maphunzirowa tikutsekera pa 10 Ogasiti. Loweruka lotsatira, pa 17, ndibwera ndi amalume anga kudzafunsira mbeta."

"Pa 17 Ogasiti," anabwereza a Overton. Anatulutsa kabuku m'thumba la jekete, momwe ankalembamo masiku a maliro ndi a misonkhano ya akulu a mpingo, n'kulembamo tsikulo.

Mawu akafika kwa malume sakhalanso a anthu awiri. Sabata isanathe, azakhali a ku Mpingu anali atamva. A ku Nambuma anatumiza uthenga woti adzafika Lachisanu. A Getrude anapaka laimu nyumba yonse, mpaka kukhitchini. Tambala wamkulu uja anamusiya kuti anenepe.

"Mwana wanga digiri sinamupatse ntchito," ankauza anzawo ku Chigwirizano, "koma taonani kumene Mulungu wadzera."

Lachinayi loti mwambo wotsekera uchitika mkucha, Sydney anaimba foni masana.

"Duwa langa, ndikufuna undithandize kanthu kakang'ono."

"Nena."

"Loweruka kukubwera mabwana ndi ojambula. Pakufunika wophunzira mmodzi woti apereke umboni. Ndasankha iwe."

"Ine si wophunzira, Sydney."

"Ndikudziwa, bebi. Ungonena kuti unali usanagwirepo kompyuta, unkaiopa. Kenako ukhale pansi, ine ndigwire dzanja lako, ulembe dzina lako ndi chala chimodzi. Za digiri usatchule. Basi."

Febe anasuzumira pawindo. Kunja nkhuku zinkapalasa m'makoko a mtedza.

"Ndiname m'holo ya tchalitchi? Pamaso pa amayi anga?"

"Si bodza, ndi kasewero chabe. Amayiwo uwauze, amvetsa."

"Bwanji osatenga mayi Yunisi? Anayamba osadziwa kanthu, lero akulemba kalata okha. Umboni weniweni ndi umenewo."

"Mayi Yunisi ali bwino, koma nkhope yawo siikoka pa chithunzi. Mabwana amafuna mtsikana, wooneka bwino, womvetsa chisoni pang'ono."

"Womvetsa chisoni."

"Usakwiye, nthiti yanga. Chaka chilichonse kampani imasankha wodzipereka wopambana, ndipo amakwezedwa pantchito. Ndikakwezedwa adzadyerera ndani? Si iwe? Si ana athu? Ndikupempha mphindi zisanu zokha. Ine ndikukupatsa moyo wanga wonse."

Febe anapsa mtima mpaka m'makutu munatentha. Miyezi itatu ya Lachiwiri ndi Lachinayi! Zaka zinayi za mayeso! Zonsezo azikwirire ndi duku kuti munthu wina awomberedwe m'manja?

Kenako anayang'ana khoma loyera ndi laimu, ndi tambala uja akuyenda monyada pabwalo.

"Chabwino," anatero.

Atawafotokozera amayi a m'kalasi madzulo ake, mayi Yunisi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mwamuna amene akukupemphani kuti mufupike kuti iye aoneke wamtali, mudzayenda chowerama mpaka liti?"

"Ndi tsiku limodzi lokha, amayi."

"Ehe. Nanenso ndinkatero."

Loweruka kunabwera galimoto zitatu. Odzipereka amene anasowa kuyambira mwezi wa Meyi anatulukira onse, malaya achikasu ali ositasita. Anamanga chinsalu chachikulu pakhomo la holo. Pa chinsalucho panali chithunzi cha Sydney ataweramira laputopu, kumbuyo kwake kukuoneka phewa la Febe.

Mtsikana wina wamtali, wonunkhira bwino, anabwera ndi pepala m'manja.

"Febe ndi uti? Ndinu? Ine ndine Vanessa, wa ku ofesi yofalitsa nkhani za kampani. Tiyeni ndikukonzeni."

Analowa m'kachipinda kosungiramo mipando. Vanessa anamuzungulira akumuyeza ndi maso.

"Wotchiyo vulani. Nsapatozo zaoneka zatsopano kwambiri, mulibe mapatapata? Duku timange chonchi. Eya! Mwaoneka bwino zedi, ngati wakumudzi weniweni."

"Ndine wakumudzi weniweni."

"Inde, inde. Pepala la umboni wanuli mutha kuwerenga, eti? Kapena ndikuwerengereni?"

"Ndiyesetsa."

Vanessa sanali munthu woipa mtima. Ankangoyankhula ngati mmene amayankhulira anthu amene sanauzidwepo kuti akhale chete.

"Sydney amakukambani kwambiri, mukudziwa? Akuti tsiku loyamba munathawa pulojekita itayaka, mumayesa ndi moto. Tinaseka mu ofesi! Koma wagwira ntchito mwamuna wanga, Loweruka lililonse kufumbi kuno. Ndinkadandaula, koma ndimati bola akwezedwe tisanalowe m'banja."

Febe anaona mphete pa chala chimene chinkamanga duku lake.

"Mwati mwamuna wanu?"

"Watsala pang'ono. Chinkhoswe chathu ndi Loweruka likudzali, kwathu ku Area 18."

"Pa 17?"

"Eya, pa 17. Anakuuzani? Mutipempherere, asisi. Imani kaye, duku lapendama."

Febe anaima. Anadikira mpaka duku litawongoka. Ananenanso kuti zikomo.

Sydney anamupeza Febe kuseri kwa holo, pafupi ndi thanki ya madzi, atagwira pepala la umboni lija.

"Bebi! Wakongola bwanji! Mawu aja waloweza?"

"Pa 17 uli ndi chinkhoswe ku Area 18."

Nkhope ya Sydney inachita ngati khoma lija tsiku loyamba. Sinaonetse kanthu.

"Wakuuza ndani? Tamvera, nkhani imeneyo ndi yovuta. Ndi za makolo. Mtima wanga uli ndi iwe, Mulungu akudziwa."

"Mulungu musiye. Amalume anga analemba tsikulo m'kabuku. Azakhali akubwera Lachisanu. Ukanafika bwanji kuwiri?"

"Ndikanapeza njira."

"Amalume ako akanadwala mwadzidzidzi, eti? Kapena galimoto ikanawonongeka pa Mpingu?"

Sydney anayang'ana pansi, kenako pa wotchi yake.

"Febe, tikambirana mwambo ukatha, ndikulonjeza. Panopa mabwana akhala kale pansi. Usandiwonongere, chonde. Mphindi zisanu zokha."

Ndiye kuti chimene chinkamuopsa chinali chimenecho! Osati mayi amene anapaka laimu mpaka kukhitchini. Osati mkulu wa mpingo amene anapalasa njinga kuchokera ku Kabudula.

"Tiye," anatero Febe. "Mphindi zisanu."

Holo inali itadzaza. Kutsogolo kunakhala abusa, bwana wamkulu wa kampani ndi alendo ake. A Getrude anali pamzere wachiwiri atavala chitenje chatsopano. A Overton anakhala chakumapeto, chipewa chili pabondo. Amayi makumi awiri ndi atatu anakhala kuseri kwa malaputopu awo.

Sydney anayankhula bwino, ndani angakane? Anati atafika ku Nsaru anapeza mdima. Anati anasiya mpumulo wake, anapirira fumbi ndi dzuwa. Mawu ake ananjenjemera pamalo oyenera.

"Ndipo lero ndikufuna muone chipatso. Mtsikana uyu anali asanagwirepo kompyuta. Febe, bwera, usaope. Tilembe dzina lako."

Wojambula anayandikira. Febe anakhala pa laputopu yolumikizidwa ku pulojekita. Sydney anawerama kuti agwire dzanja lake.

"Ndiyesa ndekha, aphunzitsi," anatero Febe mofatsa.

Anaika zala zonse khumi pamabatani. Zinalira ngati mvula yoyamba padenga la malata. Mzere unaoneka pakhoma, ndipo amayi anachita zimene anazolowera miyezi itatu. Anawerenga limodzi mokweza.

"Dzina langa ndine Febe Kamwendo!"

Alendo anaomba m'manja. Bwana wamkulu anagwedeza mutu, ngakhale liwiro la zalazo linamudabwitsa. Mzere wachiwiri unatuluka.

"Ndili ndi digiri ya makompyuta!"

Kuomba m'manja kunatha. Sydney anaseka mokakamiza. "Amakonda nthabwala ameneyu. Basi Febe, zakwana."

Zala sizinaime.

"A Sydney anauza amalume anga kuti pa 17 Ogasiti abwera kudzafunsira mbeta!"

Apa amayi anawerenga mokondwa, ena mpaka nthungululu, poti nkhaniyi ankaidziwa. A Getrude anamwetulira mwamanyazi. Kumbali kuja, pepala linagwa m'manja mwa Vanessa.

Sydney anathamangira kuzingwe. Anazula chimodzi, chimkuzamawu chinazima. Anazula china, fani ya abusa inaima. Khoma linkawalabe. Miyezi itatu yonse munthuyu anali asanadziwe chingwe cha pulojekita!

Mzere womaliza unaoneka. Amayi anauyamba limodzi, koma mawu anayamba kuthothoka mmodzimmodzi, mpaka anatsala mayi Yunisi okha. Iwo anaumaliza mokweza, liwu ndi liwu, chala chikuloza pakhoma.

"Pa 17 Ogasiti pomwepo a Sydney ali ndi chinkhoswe ku Area 18 ndi a Vanessa."

Mwana wina analira kumsana, mayi ake osamutonthoza n'komwe.

A Overton anaimirira pang'onopang'ono. Anatulutsa kabuku kaja, anatsegula, n'kuyang'ana Sydney.

"Achimwene, munanjuta pabwalo pa mlongo wanga. Munaomba m'manja. Ine ndinalemba. Tandiuzani pamaso pa abusa, ndifufute kapena ndisiye?"

"Amalume, nkhaniyi ikufunika kukhala pansi..."

"Musanditchule amalume. Ndifufute kapena ndisiye?"

A Overton ananyowetsa pensulo palilime, anadula mzere m'kabukumo, anavala chipewa m'holo momwemo, n'kutuluka.

Bwana wamkulu anatsokomola. "Pepani, ndifunse. Nanga amayiwa anawaphunzitsa ndani?"

"A Febe!" Apa kwaya inabwerera yonse.

Wina wa malaya achikasu anayamba kupinda zingwe mofulumira, maso ali pa malaputopu. Mayi Yunisi anatseka yawo n'kuikumbatira pachifuwa ngati mdzukulu. Amayi enawo anachita chimodzimodzi.

"Izi sizikwera galimoto," anatero mayi Yunisi.

Bwana wamkulu anayang'ana amayiwo, kenako anayang'ana kamera imene inkajambulabe.

"Ndi zanu, amayi. Zinali zanu kale."

Febe anavula duku, analipinda bwinobwino, n'kuliika pa pepala la umboni lija. Podutsa pamzere wachiwiri analephera kuyang'ana mayi ake. A Getrude ndi amene anamugwira dzanja.

"Laimu sawola, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Pita ukapitidwe mphepo."

Anakakhala pa mwala kuseri kwa holo. Misozi sinabwere. Mumtima ankadziuza kuti mwina penapake munthuyo anamukondako. Bodza la pa 17 linali bodza, inde. Koma mawu aja? Munthu angapeke mawu otero opanda kanthu mumtima?

Anamva fungo la perefyumu. Vanessa anaima patsogolo pake, utoto wa m'maso utayenderera m'masaya. Pachala pake panalibenso mphete.

"Pepani za duku," anatero Vanessa. "Ndi za pepala lija. Sindinkadziwa."

"Nanenso sindinkadziwa."

"Sydney akuti munamumva molakwa. Akuti inu ndi amene munkamufuna. Ankakulemberani?"

Febe anatulutsa foni n'kumupatsa. Vanessa anakhala pamwala pomwepo, siketi yake yodula ili pafumbi. Anawerenga pang'ono, kenako anatulutsa foni yake n'kuziika pamodzi.

"Bebi, mzinda wonsewu ndi chipululu popanda iwe." Unali m'mafoni onse awiri.

"Nthiti yanga, wadya?" Monsemo.

"Mzinda ndi chipululu," anatero Vanessa, "chonsecho ine ndinali mu ofesi yoyandikana ndi yake."

Febe anatenga foni yake n'kutsika mpaka Lachitatu lija la mwezi wa Juni. Uwu wokha, Ambuye. Uwu wokha ukhale wanga.

"Uwu muli nawo?"

Vanessa anafufuza. Sanachedwe.

"Nyenyezi yanga ya ku Area 18, ndisanakumane nawe ndinkangopuma. Kukhala ndi moyo ndayamba tsopano. Ndikadzakunamiza, dzanja limene lalemba mawuwa lidzaume."

Anangosintha dzina la malo.

Febe anayang'ana nthawi imene mauthengawo anafika. Wa Vanessa, 6:14. Wake, 6:15.

Anaseka kaye pang'ono. Anakumbukira Sydney ataima kutsogolo kwa amayi, akusangalala ngati mwana, akufunsa kuti munthu avutikiranji kulemba chinthu chimodzi kawiri. Phunziro lokhalo ndi limene ankalidziwadi.

"Mukuseka chiyani?" anafunsa Vanessa.

"Inu ndiye ankakulemberani," anatero Febe. "Ine ankangomata."

Apo m'pamene misozi inabwera.